Mbozi Zogona ndi Tikiti ya Achimwene

Kwathu, m'ma 1980

Tadala ndi Mwayi, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake munthu amene anagwira ntchito pa yunivesite mpaka imvi safuna kudutsa pa geti la yunivesiteyo, ngakhale ali mu takisi. Mayi anu amakuuzani kuti ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Ndalemba kuti muwerenge nokha, poti pakamwa ndimayamba bwino koma ndimathera kukalipa.

Ntchito yanga yoyamba inali ku Malawi, pa malo a boma ofufuzira za ulimi, mu labu ya tizilombo toononga mbewu. Bwana wanga anali a Chimphonda, munthu wovala tayi ngakhale m'munda wa fodya. Zipangizo zinkasowa moti mankhwala osungira tizilombo akatha, ankandituma kuseri kwa msika kukagula kachasu, n'kundichenjeza kuti botolo lifike lodzaza monga lachokera. Koma ndi iwowa amene anandiphunzitsa kutumbula kachilombo pansi pa maikulosikopu. Ankaima kumbuyo kwanga n'kumati, "Dzanja lisathamange, Fanuelo. Kachilomboka kafa kale, sikathawa." Nzeru za m'mabuku ndinalibe zambiri, koma manja anga anali odekha, ndipo manjawo ndi amene anandifikitsa ku Joni.

Joni, m'ma 1990

Dziko lino litangosintha boma, mnzanga wina anandiuza kuti pa yunivesite ina akufuna munthu wodziwa kuweta ndi kutumbula tizilombo. Ndinafikira m'kachipinda ka lendi ku Yeoville, kufupi ndi msika, kumene mayi anu anadzandipeza pambuyo pake. Bwana wanga watsopano anali mayi wachizungu, wamfupi, wosuta fodya ngati uvuni wa njerwa. Dzina lawo lenileni sindilitchula. Ine ndinawapatsa loti Nambozi, ndipo atamva tanthauzo lake anaseka mpaka kutsokomola, n'kulilemba pa chitseko cha ofesi yawo.

Tsiku loyamba anandionetsa beseni lodzaza mbozi zikuluzikulu, zamawangamawanga, zaminga, zodya masamba a tsanya, zimene kuno amati masonja. Ndinawauza kuti kwathu zoterezi ndi ndiwo. Anati, "Ndikudziwa. Ukadyapo imodzi, ntchito yatha." Kenako anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Mbozi ikakhuta imatsika mu mtengo, imakumba pansi, imavula khungu n'kusanduka kanthu kakuda, kolimba, kofanana ndi chala chachikulu cha kudzanja. Imagona choncho nyengo yonse yozizira. Kukayamba kufunda imadzuka m'kati mwa chikhungwa chakecho, thupi lake limaphwasulidwa n'kumangidwanso, mpaka imatuluka ili gulugufe wa usiku wa mapiko aakulu ngati chikhatho. Zonsezi sizingochitika mwachisawawa. M'thupi mwa mbozi muli kachingwe ka mitsempha kochoka ku ubongo n'kutsika cha kumimba, kokhala ndi timfundo ngati mkanda. Mu ubongomo ndi m'timfundomo muli maselo ochepa amene ntchito yawo ndi kutulutsa mahomoni, timadzi tolowa m'magazi n'kukalamula thupi kuti ino ndi nthawi yovula khungu, ino ndi nthawi yotambasula mapiko ndi kuwaumitsa. Chimene a Nambozi ankafuna kudziwa n'chakuti maselo olamula gulugufe amachokera kuti. Kodi ndi akale omwe aja a mbozi, angosintha ntchito? Kapena ndi ena, amene anakhala phee osakhwima kuyambira ili mbozi, kudikira nthawi yawo? Ankati ofufuza a kunja anaona zonse ziwiri mwa agulugufe a kwawoko, koma a kuno panalibe amene anali atawayang'ana.

Mbali yanga inali kutumbula mbozi zogonazo, kutulutsa kachingwe kaja osakadula, n'kukaviika mu utoto wochokera kunja umene umagwira maselo a mahomoni okha. Zikayenda bwino, pansi pa maikulosikopu pankaoneka timadontho tobiriwira, tiwiritiwiri, kena mbali ino kena mbali inayo. Tsiku loyamba kutiona ndinaiwala zoti kunja kuli chakudya cha masana. Ndikuuzeni mosabisa, ana anga, ntchito imeneyi ndinkaikonda kuposa mmene ndinkaonetsera kunyumba.

Ku Joni kuno ndinali ndi m'bale mmodzi yekha, achimwene anga a Damiano, oyamba kubadwa kwa mayi athu. Anabwera ku migodi ine ndili mwana wa sukulu, ndipo kontilakiti itatha sanabwerere. Anali mtchona weniweni. Kumudzi ku Ntcheu anasiya mkazi ndi khanda. Kuno ankakhala ku Orange Farm ndi mayi wachizulu, MaDlamini, m'nyumba ya malata imene anaimanga pang'onopang'ono mpaka inakhala ya njerwa. Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo lodzaza mabulangete, nsalu ndi majekete a anthu a kumudzi. Khirisimasi iliyonse tikapita kukawaona ankalikoka, kulitsekula, kutionetsa katundu yense, n'kunena kuti, "Chaka cha mawa, mphwanga, ndikupita. Udzandiperekeza." Ine ndinkati, "Tidzapita, achimwene." MaDlamini ankangopitiriza kusenda mbatatesi, ndipo bokosi linkabwerera pansi pa bedi.

Zaka za kusowa, m'ma 2000

Tsanya samera ku Joni. Chaka chilichonse mvula ikamatha tinkakwera galimoto ya yunivesite kupita kumpoto, cha ku Limpopo, kukatola mbozi zokhwima. Kumeneko tinkalimbirana ndi amayi otola masonja ogulitsa, amene ankatiseka kuti tikuvutikiranji ndi ndiwo zoti sitidya. Tikabwera nazo tinkaziika m'zidebe za mchenga kuti zilowe pansi, ife n'kumadikira. Mpata woona maselo aja akusintha unali waufupi, masabata ochepa okha pamene mbozi yadzuka koma gulugufe sanatuluke. Ukauphonya, udikirenso chaka.

Ndipo tinkauphonya. Chaka china chilala chinapsereza masamba a tsanya, tinabwerera ndi zidebe za mchenga wokha. Chaka china bowa anapha mbozi zonse zili m'tulo. Magetsi atayamba kuthimathima, utoto wathu unaonongeka mu firiji, ndipo wina unatenga miyezi kuti ufike. Ophunzira anathawira ku kafukufuku wa matenda a anthu, kumene kunali thandizo, ndipo sindiwaimba mlandu. Pamwamba pa zonsezi, manja a a Nambozi anagwidwa ndi nyamakazi. Zala zinapindika moti kumanga batani la malaya kunali nkhondo. Ankandiuza kuti, "Tsopano mutu ndi wanga, manja ndi ako. Tikasiyana, palibe amene ali munthu wathunthu." Tinali ndi zithunzi za mbozi isanagone, tinali ndi za gulugufe atatuluka. Zapakati, zimene zikanayankha funso lawo, ndizo tinalibe.

Kenako chinafika chaka cha mvula yabwino. Tinabwera ndi zidebe zodzaza, mbozi zonenepa, ndipo zonse zinalowa pansi bwinobwino. A Nambozi anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti othandiza kafukufuku wathu atopa ndi malonjezo. Chaka chimenecho tikapanda kuonetsa zithunzi zapakati zija, labu itsekedwa. Sanali kundiopseza, ankangondiuza kuti ndidziwe. Ndinawayankha kuti asadandaule, manja alipo.

Chaka cha tikiti

Chisanu chikutha, MaDlamini anandiimbira foni kuti achimwene abwera kuchokera ku chipatala ndi nkhani yosakoma. Ndinakwera sitima Loweruka lomwelo. Ndinawapeza atakhala padzuwa, atafunda bulangete, ataonda mpaka wotchi ikuzungulira pa mkono. Anati, "Fanuelo, m'chifuwa muno mwadzaza fumbi la mu mgodi. Adokotala akuti mapapo atha. Manje ine ndikafere kwathu, mphwanga. Manda a kuno ndi a manambala." Anatsokomola nthawi yaitali, ine n'kumayang'ana pansi. Ndinakumbukira mayi athu, amene anamwalira akufunsa ngati Damiano wafika, ndipo achimwenewo ngakhale ku maliro sanaoneke. Mumtima ndinati ulendo uno sindiyankhanso kuti tidzapita. Chibale n'fupa, sichiola. Lolemba ndinapita ku siteshoni ya m'tauni n'kugula matikiti awiri a basi.

Nditawapititsira matikitiwo, achimwene anawayang'ana mbali zonse ziwiri. Ine ndinati mtima wawadzaza. Potuluka, MaDlamini ananditsatira mpaka pa geti n'kundigwira malaya. Anati, "Sbali, myeke. Uyakhuluma nje," kutanthauza kuti mlamu, asiyeni, akungolankhula chabe. Ine, ndi nzeru zanga za pa yunivesite, ndinaganiza kuti ndi nsanje ya mkazi woopa kuti mwamuna akakumana ndi mkazi wake woyamba. Sindinamufunse chimene akutanthauza. Safunsa anadya phula.

Chovuta chinali kukawauza a Nambozi, chifukwa sabata yomweyo mbozi zinali zitayamba kudzuka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Wadzionera wekha dzulo, Fanuelo. Zayamba."

"Tiziike mu firiji, mayi, zindidikire."

"Yadzuka yadzuka. Ukaibweza ku chisanu sigonanso, imangoonongeka."

"Achimwene anga nawonso sadikira. Ndingowasiya m'manja mwa abale n'kutembenuka. Sabata imodzi ndili pano."

Anayang'ana manja awo opindika aja pa tebulo kwa kanthawi. Kenako anati, "Pita. Akanakhala mlongo wanga, inenso ndikanapita." Mpaka lero ndimalakalaka akanandikalipira, kapena kundiopseza ngati tsiku la beseni lija. Munthu akakuletsa umakhala ndi womukwiyira. Iwo anandilola, n'kundipatsa masiwiti a chifuwa oti ndikawapatse achimwene.

Pa ulendo, achimwene anali olongolola mpaka tinadutsa Zimbabwe. Ankauza basi yonse za mapiri a kwathu, za mitengo ya mapichesi ya malume athu, za mtsinje umene ankasambako. Titafika ku Tete anayamba kuchepetsa mawu. Tikuwoloka mlatho waukulu uja anandikoka n'kufunsa kuti, "Kodi tikitiyi ndi yopita kokha?" Ndinaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala, koma iwo sanaseke. 

Kumudzi anatilandira mwaulemu wonse, ndipo palibe amene anawatonza. Alongo athu a Esinta analira, anayala mkeka, anapha nkhuku. Koma pamene panali nyumba ya mayi athu panali mizere ya mbatata. Akafunsa za anzawo akale powatchula mayina, yankho linali limodzi, kuloza ku nkhalango ya manda. Akalankhula, Chichewa chawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chifanakalo cha ku migodi, ana n'kumabisala kuseri kwa nkhokwe kuti aseke. Anatsekula bokosi lija n'kuyamba kugawa. Jekete la malume linapita kwa mdzukulu amene sanawaonepo n'komwe malemu malumewo. Pansi penipeni panali kadiresi kofiira ka mwana woyamba kuyenda, kamene anagulira khanda lija ndi malipiro awo oyamba.

Khandalo linabwera tsiku lachitatu kuchokera ku mudzi wa mayi ake, amene anakwatiwanso kalekale. Dzina lake Lusiya, mayi wamkulu wa imvi m'mbali mwa mpango. Anagwada patali n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, abambo?" ndi mawu omwe aja amene amapatsira moni bambo aliyense wodutsa pa msewu. Achimwene anamupatsa kadiresi kaja. Iye anakalandira ndi manja awiri, anakatambasula, nati, "Zikomo. Akavala mdzukulu wanga." Anakhala pang'ono, n'kutsanzika kuti mbuzi zili kudambo.

Mawa lake achimwene anadzuka akulephera kupuma, ndipo tinathamangira nawo ku chipatala cha boma. Inu munabadwira kuno, simudziwa kuti kwathu wodwala sagonekedwa yekha. Pamafunika gadiyani, m'bale womuphikira, kumusambitsa ndi kumutembenuza. A Esinta miyendo inali itatha. Adzukulu anali kusosa m'minda, komanso munthu angasambitse bwanji nkhalamba imene waiona koyamba sabata yomweyo? Onse anayang'ana ine. Sabata yanga imodzi ija inakhala masabata awiri, awiriwo anakhala mwezi. Ndinkaimba foni ku Joni ndili pa khonde la chipatala, a Nambozi n'kumati, "Ndikuyesa ndekha. Iwe samala m'bale wako." Ndinkachapa zovala za achimwene ku mpope, mutu uli m'zidebe za mchenga. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwadi.

Achimwene atatuluka m'chipatala ndinakonza zonse. Ndinawapezera chipinda kwa a Esinta, ndinagula matiresi, ndinalankhula ndi adzukulu. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika, koma pa matiresi panalibe munthu. Ndinakawapeza ku msewu, pa siteji, atakhala pa bokosi lawo lopanda kanthu, chipewa kumutu. Ndinati, "Achimwene, mukutani kuno?" Anati, "Kwathu ndakuona, mphwanga. Manje tiye kunyumba." Ndinayesa kuwakumbutsa za manda a manambala. Anangoti, "Ayikona. MaDlamini sadziwa kuthirira sipinachi wanga."

Nditafika ku labu ndinapeza khola la waya litadzaza agulugufe. Anali okongola zedi, akuluakulu, a madontho onga maso pa mapiko, ena atakangamira pa waya, ambiri atagwa kale pansi, chifukwa agulugufe amenewa alibe kamwa, sadya, amakhala masiku owerengeka basi. Mapiko awo anali otambasuka bwino ndi ouma, kusonyeza kuti maselo aja anagwira ntchito yawo yonse popanda wowaona. A Nambozi ananditengera ku maikulosikopu kukandionetsa zimene anayesa okha. Tizingwe tonse tinali toduka, tina tophwanyika. Anati, "Ukuona apa? Mwina ndi amenewo, mwina ndi zinyalala. Sindingalembe mwina." Kenako anandifunsa ngati achimwene ndawasiya bwino. Nditawauza kuti ndabwera nawo, anandiyang'ana, anayatsa fodya, n'kuseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. Sanandidzudzulepo, tsiku limenelo ngakhale tsiku lina lililonse.

Pambuyo pake

Labu inatsekedwa chaka chotsatira. A Nambozi anapuma ntchito nthawi isanakwane n'kusamukira kwa mng'ono wawo kufupi ndi nyanja yamchere. Pochoka anandisiyira timapanisi tawo totumbulira, timene tili mu kabati ya mayi anu mpaka pano. Ine anandisamutsira ku labu ya ophunzira a chaka choyamba, kumene ndinkayala achule ndi nyongolotsi pa matebulo mpaka tsiku langa lopuma. Bwana wa kumeneko anali mnyamata wabwino mtima, ndipo sindinavutikepo. Koma timadontho tobiriwira tija sindinationenso, ndipo funso la a Nambozi, ngati wina analiyankha, ine sindinamve. Anamwalira ndisanapite kukawaona. Ndinkangoti ndipita.

Achimwene sanafe chaka chimenecho, kapena chotsatira. Mapapo otha aja anawasunga zaka zingapo. Khirisimasi ya chaka chimene labu inatsekedwa tinapita ku Orange Farm monga mwa nthawi zonse, inu muli ang'ono, mwina mukukumbukira. Titatha kudya anawerama movutikira n'kukoka bokosi lija pansi pa bedi. Munali bulangete latsopano, likadali m'pulasitiki. Anati, "Chaka cha mawa, mphwanga, ndikupita. Udzandiperekeza."

 Ndinaiwala zoti ndi akulu anga, ndinaiwala zoti pali ana. Ndinawauza za agulugufe, za manja a a Nambozi, za ntchito ya zaka zonse zija imene inathera pansi pa khola la waya chifukwa cha ulendo umene iwo sankaufuna. Ndinawafunsa kuti ngati sankafuna kupita, ankandivutitsiranji. Anadikira mpaka mawu anandithera. Kenako anatseka bokosi pang'onopang'ono.

"Fanuelo, zaka zonse zija ndinkati ndipita, iwe unkati tidzapita, ine n'kugona tulo tabwino. Tsiku lija ndinali ndi mantha, ndinkafuna undiyankhe chimodzimodzi. Ine sindinapemphe tikiti. Koma mng'ono wako akakugulira tikiti ya kwanu, ungamuuze kuti sukufuna kwanu?"

MaDlamini sanatukule mutu. Anangotola mbale n'kupita nazo panja.

Achimwene anagona ku Orange Farm komweko, m'manda a manambala, ndipo MaDlamini amapita kukalambula. Sindinganene kuti ndinalakwa kuperekeza m'bale wanga wodwala. Lero litabwereranso, popanda kudziwa zimene ndikudziwazi, ndikanagulanso matikiti omwewo. Koma zimandiwawa, ndipo sizinasiye kundiwawa, kuti ndinataya chinthu chokhacho chimene manja anga anabadwira, n'kugwetsa mayi amene sanandilakwirepo, pofuna kupereka mphatso imene mwini wake ankaiopa.

Tsopano inenso tsitsi layera. Mwayi, mwezi watha unandipeza ndikulongedza nsalu mu sutikesi ya pamwamba pa kabati, ndipo ndinakuuza kuti chaka cha mawa ndikupita kumudzi. Ndinakuona ukutulutsa foni kuyang'ana mitengo ya ndege. Bweza foniyo m'thumba, mwana wanga. Ndikadzanenanso, uzingoyankha kuti tidzapita, bambo.